Galimoto Ikamafooka pa Chitunda

 Nkhani ya lero ikuchokera m'boma la Ntcheu. Ikunena za matenda amodzi a galimoto amene atayitsa anthu ambiri ndalama, chifukwa chakuti kawirikawiri amachizidwa asanapimidwe.

Munthu wochokera ku Blantyre kapena ku Balaka pa msewu waukulu wa M1, akangodutsa pa Chingeni ndi pa Kampepuza, amaona kuti dziko layamba kukwera. Akachoka pa boma pa Ntcheu kulunjika ku Dedza, zitunda zimakula, ndipo msewu umakhotakhota m'mbali mwa mapiri kudzera pa Biriwiri ndi pa Mlangeni mpaka pa Lizulu, pamene msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Kuno n'kwao kwa mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi matimati. Tsiku ndi tsiku malole, mapikiapu ndi maminibasi amasenza zokolola zimenezi kuchokera ku Tsangano ndi pa Lizulu kupita nazo ku misika ya ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba.

Si zachilendo pa msewu umenewu kupeza galimoto itaima pakati pa chitunda, boneti ili yasa, nthambi za mitengo zitayalidwa mu msewu, apaulendo atakhala pa miyala atagwira tsaya. Dalaivala akafunsidwa, nkhani yake imafanana ndi ya anzake ambiri. Galimoto inalira bwinobwino m'mawa, inayenda bwino pachidikha, koma itafika pokwera inayamba kutsamwa ndi kudukizadukiza, kenaka n'kuzima. Itapumula pang'ono inaliranso, koma pa chitunda chotsatira inabwereza zomwezo. Zikatere, mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa pa anthu ndi akuti, "Pampu yafa." Mwini galimoto amatumiza ndalama, pampu yatsopano imagulidwa ku Lilongwe kapena ku Limbe, koma pakapita masiku owerengeka galimoto ija imaimanso pamalo pomwe paja. Ndalama zapita, matimati aolera m'madengu, ndipo dalaivala ndi bwana wake ayamba kukayikirana.

Kuti nkhaniyi imveke, pafunika kudziwa ulendo umene mafuta amayenda. Mafuta amasungidwa m'thanki, ndipo kuti akafike ku injini amadutsa mu pampu imene imawakankha, mu sefa imene imatsekereza zinyalala, ndi m'mapaipi. Mphamvu imene mafutawo amakankhidwa nayo m'mapaipimo ndi imene amakaniko amaitcha puresha, ndipo muyeso wake umatchedwa bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar, ndipo chiwerengero chimenechi chingathandize omvera kuyerekezera zimene zikubwerazi.

Galimoto zakale, monga Peugeot 404, Datsun 1200 ndi Land Rover za petulo, zinali ndi kabureta. Pampu yake inkakhala pambali pa injini, nimayendetsedwa ndi injini yomweyo, ndipo ntchito yake inali kungodzaza kabakuli ka m'kabureta. Puresha yake sinkafika ndi theka la bar lomwe. Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1967, pamene kampani ya Bosch ya ku Germany idaika m'galimoto za Volkswagen njira yopemerera petulo yolamulidwa ndi magetsi. Lero galimoto zambiri za petulo zimene zimalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan zimatsata njira imeneyi. Pampu yake ndi yamagetsi, ndipo imakhala m'kati mwa thanki, yomizidwa m'mafuta. Imakankha petulo kupita ku timilomo ting'onoting'ono timene amakaniko amatitcha manozo, ndipo timilomoti timapemerera petuloyo mu injini ngati nkhungu. Pa injini ya 1NZ-FE, imene ili m'galimoto zambiri za Toyota Probox ndi Sienta, buku la opanga ake limafuna puresha ya pakati pa 304 ndi 343 kPa, ndiko kuti 3 bar ndi kupyolapo pang'ono.

Kakompyuta ka galimoto ndi kamene kamatsegula manozo, ndipo kamawatsegula kwa kamphindi koyezedwa, kokwanira kuti pa magawo 14.7 a mpweya, powerengera kulemera kwake, pagwe gawo limodzi la petulo. Poyeza kamphindi kameneka, kakompyutako kamakhulupirira kuti puresha ili pamalo pake. Puresha ikatsika, nozo imatseguka pa nthawi yake, koma mafuta otuluka amachepa. Kakompyuta kamayesa kuonjezera nthawi, koma kali ndi malire. Malirewo akapyola, injini imakhala ndi njala.

Apa ndi pamene pali chinsinsi cha zitunda za ku Ntcheu. Injini ikamalira galimoto itaima, imamwa mafuta ochepa kwambiri, ndipo pampu yofooka kapena sefa yotsekeka imakwanitsabe kuipatsa. Zili ngati mpopi wa madzi umene ukudontha pang'onopang'ono: wofuna kudzaza kapu sadandaula nawo, koma wofuna kudzaza mgolo amaona msanga kuti mpopiwo uli ndi vuto. Galimoto yosenza matumba a mbatata ikayamba kukwera, dalaivala n'kuponda moto, injini imafuna mafuta ochuluka nthawi imodzi, ndipo pomwepo puresha imagwa. N'chifukwa chake galimoto yotere imaoneka yamoyo pagalaja koma imakafera pa phiri. Makaniko amene wangoimvetsera ili chiimire n'kunena kuti ili bwino sanaione nthenda yake.

Tsono makaniko wodziwa ntchito yake amayamba ndi zinthu zosalira ndalama. Choyamba amatsimikiza kuti m'thanki muli mafuta okwanira, pakuti geji ya padashibodi imanama nthawi zina, ndipo mafuta akatsala ochepa amathawira mbali imodzi galimoto ikapendekeka pa chitunda kapena pokhota, pampu n'kuyamwa mpweya. Amatsegulanso chitsekerero cha thanki akumvetsera. Ngati thanki yakoka mpweya mwamphamvu, galimoto n'kuyambanso kuyenda bwino, ndiye kuti njira imene thanki imapumira yatsekeka.

Chachiwiri amafunsa ngati vutolo lilidi la mafuta. Mapulagi otha, sefa ya mpweya yodzaza fumbi ndi ekizozi yotsekeka zimafoolanso galimoto pa chitunda. Kilachi yotha nayo imanyenga anthu, koma ili ndi chizindikiro chake: injini imakuwa kwambiri pamene galimoto sikuonjezera liwiro. Injini ya njala siikuwa. Imatsamwa, ndipo dalaivala akaonjezera kuponda, imaonjezeranso kufooka.

Chachitatu amatchera khutu. M'galimoto zambiri, kiyi akatembenuzidwa mpaka nyali za padashibodi zitayaka, pampu imalira motsitsa kwa masekondi awiri kapena atatu, ndipo munthu woika khutu pakamwa pa thanki kapena pansi pa mpando wakumbuyo amaimva. Komabe galimoto zambiri za Toyota siziliza pampu kufikira injini itayamba kuzungulira, kotero kuti kukhala chete kwa pampu pa nthawi imeneyo si umboni wa imfa yake. Pampu yolira mokweza ngati udzudzu waukulu ikusonyeza kuti ikuvutika, mwina chifukwa cha kutha, mwina chifukwa kasefa ka kunsi kwake katsekeka. Akuluakulu adati ng'oma yolira siikhalira kusweka.

Chachinayi amaona magetsi. Pampu yabwinobwino siingagwire ntchito fyuzi itapsa, relay itatha, kapena mawaya atachita dzimbiri polumikizira. Injini ikamalira, batire limakhala ndi mavoti pafupifupi 14, ndipo m'galimoto zambiri mphamvu yofika ku pampu siyenera kusiyana kwambiri ndi imeneyo. Waya umodzi wodyeka ungachepetse mphamvuyo, pampu n'kumazungulira mwaulesi. Pampu zambiri zimene zatayidwa kuseri kwa magalaja zinali zamoyo. Chimene chidafa ndi waya wa mtengo wochepa.

Zonsezi zikaonedwa, pamabwera chida chimene chimathetsa mkangano, ndicho geji yoyezera puresha ya mafuta. Makaniko amayamba wachepetsa puresha yotsalira m'mapaipi. Amachita zimenezi pochotsa fyuzi kapena relay ya pampu n'kuliza injini kufikira itazima yokha. Kenaka amachotsa waya wa batire, amakulunga kansanza polumikizira, n'kumangirira geji pa paipi yolowera ku manozo. Akatha amabwezera zonse, n'kuwerenga geji katatu.

Kuwerenga koyamba ndi kwa injini yolira galimoto itaima, ndipo chiwerengero chake chimayerekezedwa ndi cha m'buku la galimoto yomweyo, pakuti injini zimasiyana. Kwachiwiri ndi kwa injini yolemedwa, ndipo kumeneku n'kofunika koposa kwa oyenda m'zitunda. Muvi wa geji ukagwa pamene moto wapondedwa mwamphamvu, ndiye kuti mafuta akuperewera pa njira. Kwachitatu ndi kwa injini yozimitsidwa. Puresha siyenera kutha nthawi yomweyo. Pa injini ya Toyota yatchulidwa ija, buku limati pakapita mphindi 5 patsalebe 147 kPa kapena kuposa apo.

Geji ikasonyeza puresha yotsika, oganiziridwa ndi asanu, ndipo pampu ndi mmodzi chabe mwa iwo. Pali sefa yotsekeka. Pali paipi yophwatalala, monga zimachitikira galimoto ikagunda mwala kunsi m'misewu yafumbi ya kumidzi. Pali magetsi ochepa. Pali kachipangizo kosunga puresha pa muyeso wake, kotchedwa regulator, kamene kakakanirira kotseguka kamabweza mafuta ambiri m'thanki. Ndipo potsiriza pali pampu yotha. Wanzeru amayamba ndi sefa, chifukwa ndiyo yotsika mtengo ndiponso ndiyo imalakwa kawirikawiri. M'galimoto zina sefa imakhala panja, pa paipi. M'zina, monga Probox ndi Sienta, imakhala m'thanki pamodzi ndi pampu, ndipo chifukwa chosaoneka, eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Woika pampu yatsopano pa sefa yakale, m'thanki yodzaza matope, wagula chinthu choti chikafe imfa ya chinzake.

Puresha ikakwera kupyola muyeso, zizindikiro zimatembenuka. Galimoto imatulutsa utsi wakuda, imanunkha petulo ku ekizozi, mapulagi amadetsedwa ndi mwaye, ndipo mafuta amatha msanga. Apa wolakwa amakhala regulator yokanirira chotsekeka, kapena paipi yobwezera mafuta m'thanki imene yatsekeka. M'galimoto zimene regulator yake ili pa injini, pamakhala kapaipi ka labala kochokera ku njira ya mpweya. Kapaipi kameneka kakazulidwa injini ikulira, puresha iyenera kukwera ndi pafupifupi theka la bar. Ndipo m'kati mwake mukapezeka petulo, ndiye kuti regulator yabooka. Madalaivala ena aganiziridwa kuba mafuta pamene wakuba weniweni anali kachipangizo kameneka.

Puresha ikamatha msanga injini itazimitsidwa, galimoto imavuta kulira, makamaka ikaima pang'ono ili yotentha, monga pamene minibasi yaima pa Lizulu kuti anthu agule ndiwo. Apa mafuta akuthawira kwina: mwina kavavu ka mu pampu kakuwabweza m'thanki, mwina regulator siikutseka bwino, mwina nozo ikudontheza m'kati mwa injini. Nozo yodontha ndi yoopsa, pakuti petulo amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, injini n'kumadyeka.

Masiku ano amakaniko ambiri ali ndi kachipangizo kowerenga zimene kompyuta ya galimoto yasunga. Nambala ya P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, P0172 kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo P0087 kuti puresha yatsika. Manambalawa amaloza dera limene kuli vuto, koma satchula chitsulo choti chigulidwe. Mpweya wolowera pa paipi yong'ambika ungabweretse P0171 pampu ili yabwinobwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Oyendetsa galimoto za dizilo nawo ali ndi gawo lawo. Zambiri zili ndi sefa yolekanitsa madzi, yokhala ndi kotsegulira kunsi kwake ndi kopopera ndi dzanja pamwamba pake, ndipo nyali ya padashibodi ikayaka, madziwo ayenera kukhetsedwa tsiku lomwelo. Mpweya ukalowa m'mapaipi, injini imazima, ndipo umatulutsidwa ndi kopopera kaja. Koma pali chenjezo lalikulu. Injini za dizilo zamakono zotchedwa common rail, zimene zidayamba kuikidwa m'galimoto zazing'ono mu 1997, zimakankha mafuta pa puresha yopyola 1,000 bar, ndipo zina zimafika 2,000 bar. Dizilo wotuluka pa kabowo ndi mphamvu yotere amaboola khungu ngati singano, ndipo munthu angataye chala kapena dzanja. Chizolowezi chakale chomasula paipi ya nozo injini ikulira chisayesedwe pa injini zimenezi. Chimodzimodzinso injini za petulo zolembedwa D-4 kapena GDI, monga za Toyota Noah ndi Voxy zina: zili ndi pampu yachiwiri ya puresha yaikulu, ndipo geji wamba siyenera kumangidwa ku mbali imeneyo.

Funso lotsala ndi lakuti, kodi zinyalala zotseka sefa ndi kupha pampu zimachokera kuti? Mafuta a dziko lino amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo akasowa, monga zidachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, anthu amathamangira ku zigubu za m'mbali mwa msewu. M'maboma a m'malire, monga Ntcheu, zigubu zotere sizisowa. Lamulo limafuna kuti wogulitsa mafuta akhale ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo pa zimenezi pali chifukwa chomveka. Chigubu chimene chasungapo madzi, mafuta ophikira kapena mankhwala chimapatsira petulo zotsalira zake. Fumbi limalowa pothira. Ndipo ogulitsa ena osaona mtima amasakanizamo parafini. Wogula amaona mtundu wa petulo m'botolo n'kukhutira, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Madzi ndi mdani wamkulu. Chiyambire chaka cha 1982, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, ndipo mu 2004 fakitale ina idayamba ntchito yomweyo ku Chikwawa. Ethanol payekha amayaka bwino, koma amakonda madzi. Petulo wosungidwa m'chigubu chosatseka bwino amayamwa chinyezi, ndipo madzi akachuluka amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi pa thanki, pamalo penipeni pamene pampu imayamwira. Zotsatira zake ndi kutsamwa kwa injini ndi dzimbiri. Makaniko akakayikira, athire mafuta pang'ono a m'thanki m'botolo loyera, alikhazike pansi, adikire: madzi ndi matope zidzaonekera kunsi.

Mdani wina ndi chizolowezi choyenda thanki ili pafupi kuuma. Pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo amene ikukankha. Galimoto yomwetsedwa malita awiri awiri, nyali ya mafuta ili chiyakire, imatenthetsa pampu yake ndi kuiyamwitsa mpweya pa chitunda chilichonse. N'zoona kuti woyendetsa minibasi kapena takisi amagula mafuta ndi ndalama zimene watolera pa ulendo womwewo, ndipo kudzaza thanki si nkhani yapafupi. Komabe amene angathe kusiya gawo limodzi mwa magawo anayi a thanki ngati mafuta osakhudzidwa, amagula mafutawo kamodzi kokha, ndipo amatalikitsa moyo wa pampu yake.

Vuto la puresha lisanyalanyazidwe ponena kuti galimoto ikuyendabe. Injini ya njala imatentha kupyola muyeso, ndipo ingapsereze mavavu kapena mapisitoni, ntchito ya sefa imodzi n'kusanduka yomasula injini yonse. Choopsa koposa ndi cha pa msewu. Galimoto yofooka pamene ikupitirira lole pa chitunda imatsala pakati pa msewu, kutsogolo kukubwera ina. Ndipo injini ikazima, chiwongolero chimalimba, mabuleki nawo amauma akangopondedwa kangapo. Pa msewu wokhotakhota, galimoto itadzaza anthu ndi katundu, kamphindi kameneko n'kokwanira kubweretsa maliro.

Pogwira ntchito imeneyi, moto ukhale kutali. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, imakwawa pansi, ndipo ingakayake pa mbaula kapena pa ndudu imene ili patali. Usiku pagwiritsidwe ntchito tochi, osati machesi kapena koloboyi. Mafuta asayamwidwe ndi pakamwa, pakuti akalowa m'mapapo amavulaza kwambiri. Ndipo njira yoyendetsa galimoto pomwetsa injini kuchokera m'chigubu choikidwa m'kati, pafupi ndi apaulendo, ndi yosayenera ngakhale ulendo utafupika chotani. Galimoto ikafera pa chitunda, anthu atsike, matayala atchingidwe ndi miyala, zikwangwani zonyezimira ziikidwe kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pochoka miyalayo ichotsedwe mu msewu.

Mwini galimoto safunika kukhala makaniko kuti adziteteze. Akauzidwa kuti pampu yafa, ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu mafunso atatu: kodi geji yasonyeza chiwerengero chanji, kodi buku la galimotoyo limafuna chiwerengero chanji, ndipo kodi sefa ndi magetsi zaonedwa? Makaniko woona sakwiya ndi mafunso otere, pakuti yankho ali nalo. Ndipo makaniko wa pa Ntcheu, pa Mlangeni kapena pa Lizulu amene wagula geji yakeyake adzaona kuti chidacho chikubweza ndalama zake, chifukwa galimoto imene waikonza siidzabwerera ndi dandaulo lomwe lija. Safunsa adadya phula.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.